Thanga Layanikidwa Mtedza

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku londikhumudwitsa.

Kwatsala miyezi iwiri kuti ndipume ntchito pa boda. Boti la thanga lija ndinagula litakanika kuwolokera ku Zambia lidakali pa matayala kuseri kwa nyumba, kuno ku Chiosya.

M'mawa ndisanapite kuntchito ndinaimbira a Banda, amene akundisungira malo kunyanja ku Nkhotakota. Anafunsa kutalika kwa chitsulo cha kunsi kwa boti. Ndinayeza, chikundilekeza m'chiuno. A Banda anati, "Achimwene, kuno mumayenda mpaka kutopa madzi akadali m'mawondo. Limenelo lizidzangolima mchenga."

Ine wa ku Mchinji ndinayeza m'litali ndi m'lifupi ngati ndikugula ngolo. Za kunsi sindinaziganizeko.

Kwakuya kuliko ku Nkhata Bay, koma mayi a kunyumba anakana kalekale, ati munda wa makolo awo sangausiyire kutali choncho. Poweruka ndawapeza atayanika mtedza pa thanga. Ndisanakalipe anati, "Bambo, likuumitsa bwino kuposa mphasa."

Ndinangowathandiza kuwola. Thangalo ntchito laipeza. Koma ine, imvi zonsezi, kusambira komwe sindidziwa, ndiye kunyanjako...