Kodigo Idzafika pa Foni Yako

Tete, 9 Junho

Mlongo wanga Pemphero,

Moni nonse ku Chidzolomondo. Kodi amayi miyendo ija yasiya kutupa? Ine ndili bwino. Kalatayi ndapatsira woyendetsa shapa, minibasi ija, chifukwa foni yako sigwira rede ukakhala pakhomo.

Ukukumbukira bwalo la pa intaneti la ana a ku Macanga, lija ndinatsegulira konta ndi nambala yako ndili kumudziko? Mtsikana wina wa ku Ntcheu, dzina lake Khumbo, walembapo kuti akufuna abale a mayi ake, a Lídia, amene anatsala ku Malawi anthu pobwerera nkhondo itatha. Watchula mudzi wathu ndi dzina la agogo. Ndi amayi aang'ono amenewo, Pemphero. Akuti adwalika kwambiri ndipo akungotchula dzina la amayi.

Kuwerenga aliyense amawerenga, koma kuyankha ndi kuona nambala ya wolemba mpaka ulowe, ndipo ine senya, mawu achinsinsi olowera aja, ndinaiwala. Nditapempha senya ina, bwalolo linandifunsa tsiku lobadwa. Ndinalemba limene amanena amayi, linakana. La pa khadi la kumsasa, linakana. La pa chitupa, 1 Janeiro uja anagawira theka la mudzi, linakananso n'kunditsekera kunja. Chinthu chopusachi sichidziwa kuti wobadwira kothawa nkhondo amakhala ndi masiku obadwa atatu, ndipo sindikumbuka kuti ndinachipatsa liti.

Ndinamuimbira mwini bwalo, Augusto wa ku Furancungo, uja ankagulitsa petulo wa m'mabotolo. Masiku ano akuti tizimutcha administrador. Anandiyankha ali kutafuna kuti konta yatsopano imadikira masiku khumi ndi asanu, ndipo uthenga ukatha mwezi amaufufuta kuti bwalo lioneke laukhondo. Wa Khumbo watsala ndi masiku asanu ndi anayi. Nditamupempha kuti angondiwerengera nambalayo, anati sangaswe lamulo, chonsecho lamulolo analemba yekha. Ndimamunyoza munthu ameneyu, ndipo ndamuuza. Zithunzi zake atavala jekete wobwereka zakhala pamwamba pa bwalo zaka ziwiri, palibe wazifufuta.

Njira yatsala imodzi, ndiyo pempho langa. Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, ukwere phiri la kuseri kwa sukulu pamene rede imagwira, foni ili ndi moto wokwanira. Ikakwana 14 horas, 2 koloko masana, ndidzapempha kodigo yolowera, ndipo idzafika kwa iwe. Ndi manambala asanu ndi imodzi, amafa pakatha mphindi zisanu. Udzandiimbire pomwepo, usadzayambe ndi moni.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Sheila, kwa amalume ndi kwa ana onse. Amayi uwapatse moni wokha, za a Lídia usawauze kaye. Akafunsa chimene ukukwerera phiri, udzati ukukasaka mbuzi. Mng'ono wawoyo anamulira kale, ndipo sindifuna kuti tiwabwezere munthu woti akamulirenso.

Ndine mlongo wako,
Eva