Mpando wa Apongozi

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko? Ndikudziwa mukudabwa kuti Tumpale wanu wayamba liti kukulankhulani m'Chichewa. Musadandaule, ndikuyeserera. Lachisanu likubwerali ndili ndi intavyu, ndipo akuti mafunso ena adzakhala m'Chizungu, ena m'Chichewa, ndiye lilime langa la Chinkhondeli likufunika kuliwongola.

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Atupele ku Lupembe ali ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo kukuwa kwake ndi inuyo ndithu. Mpunga wacha bwino chaka chino, kupatula kumunsi kuja komwe madzi anasefukira. Nthochi munabzala kuseri kwa nyumba zikubereka mpaka tikugawirako anansi. Lusayo wanga wayamba Sitandade 3.

Vuto ndi bambo ake. Chitsekereni mgodi wa ku Kayelekera nthawi ija, a Gwamaka sanapezenso ntchito yokhazikika, amangonyamula akatundu a eni ake pachipata cha m'malire ku Songwe. Tsopano anzawo awalowetsa mtima wa ku Joni, pasipoti anatenga kale, ndipo ananena kuti tikakolola popanda chosintha, anyamuka. Amayi, makomo a amuna opita ku Joni ndimawaona. Sindikufuna mwana wanga azidziwa bambo ake pa foni.

Ndiye bungwe la alimi a mpunga kuno kusikimu ya mthirira likufuna kalaliki, woyang'anira sikelo ndi kulemba matumba olowa ndi otuluka. Ndinalembera, andiitana. Tsiku limenelo ndinakukumbukirani mukuotcha nthochi pamsewu kuti ine ndimalize Folomu 4. Paja munkati satifiketi ndi ng'ombe yosafuna msipu. Ine ndinkaona ngati nkhambakamwa chabe. Zikomo, Amayi.

Wondikonzekeretsa ndi Mayi Asiyatu, a ku Mangochi aja a golosale, amene munkakangana nawo za mtengo wa sopo. Makasitomala akachepa amakhala kuseri kwa kauntala, iwo bwana, ine wofuna ntchito. Tsiku loyamba ndinagogoda, nkulowa, nkugwada, maso pansi. Anaseka mpaka misozi. "Iwe, kumeneko akufuna kalaliki, osati mtengwa. Khala pampando, uwayang'ane m'maso, unene wekha zimene umatha." Kudziyamikira kukundivuta, paja inu munkati wodzitama sasiyira anzake chonena, komabe ndikuphunzira.

Koma walira mvula walira matope. Sabata yatha ndinamva kuti pa anthu ofunsa mafunso padzakhalanso wapampando wa bungwe, ndipo mukudziwa kuti wapampandoyo ndi apongozi anga aamuna. Mwambo wathu wa Chinkhonde wopewa apongozi munandiphunzitsa ndinu pondiperekeza ku ukwati, ndipo sindinauphwanyepo. Chikwatiwireni sindinakhale nawo chipinda chimodzi, sindinawayang'ane kumaso, dzina lawo silinatuluke pakamwa panga, ngakhale m'kalata muno sindililemba. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa mpaka adutse. Nanga ndikakhala bwanji pampando pamaso pawo, nkumawauza kuti ine ndine wodziwa ntchito? Ndinalira, Amayi. Ndinauza a Gwamaka kuti ndazisiya, sindipita. Mawa lake ndinawapeza akusoka zipi ya chikwama chawo chapaulendo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndili m'khitchini kusenda nthochi zophika ndi nyama, mbalagha yathu ija, ndinamva njinga ikuima pabwalo. Anali apongozi. Sanayandikire. Anaima pansi pa mtengo wa mango, msana atalozetsa kukhitchini, nkuyamba kulankhula ndi mwana wawo mokweza ngati a Gwamaka ndi ogontha.

"Ukawauze amake Lusayo kuti Lachisanu apite. Ine kumeneko kulibe. Za mafunso asandifunse, adziwerengere okha."

A Gwamaka anati, "Nanga Lachisanu lokhalo lithandiza chiyani, bambo? Akawalemba ntchito, kalaliki ndi wapampando amakhala ofesi imodzi sabata ndi sabata."

"Ukuyesa sindikudziwa? Mpandowo ndautula dzulo."

"Nanga akapanda kuwatenga? Olembera ndi ambiri."

"Ndiye kuti ndapuma. Wokhala pampando sasowa. Koma ine mwana wanga akapita kutali, ng'ombe zanga ndidzasiyira yani?"

Amayi, inu mukudziwa mmene madalawa ankaukondera mpando umenewu. Jekete lawo lija ankalisitira msonkhano wokha. Ngakhale malungo atawagwira ankapita, akunjenjemera panjinga. Ndinafuna kutuluka kuti ndikawagwire miyendo, koma mwambo sulola. Ndinangogwada m'khitchini momwemo, kuseri kwa khoma, nkuomba m'manja mokweza kuti amve. Iwo anatsokomola, nkukwera njinga yawo.

Panopa akungokhalira kubusa ndi ng'ombe, ndipo anthu kumsika akuti mwina anakangana ndi komiti. Ine ntchitoyo sindinaipezebe, mwinanso sindiipeza. Koma munthu wasiya ulemu wake wonse chifukwa cha ine, munthu amene sitinapatsanepo ngakhale moni. Munandisiya m'manja mwa anthu, Amayi, ndipo ndikuthokoza.

Ndikukulonjezani kuti Lachisanu sindibwerera panjira. Ndikalowa ndithu, ndipo funso lililonse ndikaliyankha ndi mtima wanga wonse, kuti madala aja asakhale atatula mpando wawo pachabe.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tumpale