Dzanja la Bambo pa Masitepe

Okondedwa achemwali,

Kuno mvula ikugwa chiyambire m'mawa, ndipo tsopano ndi masana. Bambo agona pampando, ndiye ndapeza mpata wolemba. Kaya inu muli bwanji kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ife tilipo, kupatula mwendo wa bambo.

Makina anu osokera adzafika ndi basi ya Loweruka. Sanaphwanyike paliponse. Koma pali zimene sindinakuuzeni pa foni.

Tsiku lija ndinkaperekeza bambo kuchipatala cha maso, ndinati ndiphatikize ulendo, nditumizenso makinawo. Mukudziwa kuti masiku ano chitseko amachiona atachigunda kale. Kumanja ndinanyamula makina, kumanzere ndinagwira dzanja lawo.

Tili m'chipinda chodikirira cham'mwamba pa siteshoni ya basi, belu linalira, utsi n'kuyamba kutuluka kumalo odyera. Mlonda ankakuwa kuti tisiye katundu titsike. Palibe anamumvera. Wina anasenza matiresi, wina ankakoka sutikesi ya mateyala, mayi wina beseni lili pamutu. Pamasitepe sutikesi ija inapingasa, tonse tinapanikizana ngati machesi m'bokosi.

Makina anayamba kundipulumuka. Achemwali, palibe anandikankha. Ndinatsegula ndekha zala zanga, ndinasiya bambo, n'kukumbatira makina ndi manja onse awiri. Ndinawamva akundiitana kumbuyo, koma anthu anandikokolola mpaka panja.

Anawatulutsa ndi mkulu wina wonyamula katundu pa wilibala, atawabereka kumsana. Anali atagwa pokhota masitepe, anthu n'kuwaponda mwendo. Nsapato imodzi sinapezeke. Moto wake unali wa mafuta a m'poto chabe, anauzimitsa ndi thumba lonyowa. Mkuluyo atandiona nditakumbatira makina, anandifunsa ngati amenewo ndiwo bambo anga. Ndinasowa pobisa nkhope.

Kwa dokotala wa maso sitinafike, tinathera komangitsa mwendo. Atipatsa tsiku lina mwezi wamawa.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti bambo amauza aliyense wodzawazonda kuti ndi iwo anataya dzanja langa chifukwa cha thukuta. Azakhali atafunsa kuti nanga makina anatuluka bwanji iwo n'kutsala, bambo anangoseka. Anati makina alibe miyendo, pamene iwo ali nayo iwiri.

Koma chichitikireni zimenezi, akafuna kupita kuchimbudzi sandiitananso. Amayenda chopapasa khoma. Dzulo ndinawapatsa mkono, anati ndisavutike, khoma silisuntha.

Ndikupemphani mubwere mudzawaperekeze inu kwa dokotala wa maso uja. Njira ndi yomweyo, masitepe ndi omwewo, ndipo khoma la m'nyumba muno silifika kuchipatala. Ndikuopa kuti tsikulo likakwana adzati mwendo ukupwetekabe, pofuna kuti asandikane poyera. Maso awo asafe chifukwa cha ine.

Mukalephera ndipita nawo ndine, wopanda chonyamula ngakhale kachikwama. Koma mundiuze mawu oti ndiyambire powapepesa. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndikati ndiyambe, ndimangowafunsa ngati akufuna madzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse. Ndikumva mpando ukulira, bambo adzuka, ndipo ndisiyire pomwepa ndikachotse ndowa imene ndinaiwala m'mbali mwa khoma.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kachetechete

Lachinayi, nthawi ya 3 koloko masana