Mpata wa Kuseli kwa Nyumba

Kabwata, Lusaka
14 Juni 2024

Okondedwa alongo anga ba Bwezani,

Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira. Mpanda wa mabuloko womwe munalamula uja watha. Koma mukadzauona musadzakalipire omanga, chifukwa chibowo chili kuseliko ndachita ndine.

Munachoka muli mwana, mwina mwaiwala. Makolo athu atalowa m'nyumba za khansolo zino, mpanda uliwonse wa mitengo unali ndi mpata. Mchere, makala amoto ndi uthenga wa maliro zinkadutsa momwemo, ndipo amayi ankafika kutchalitchi osaponda msewu. Mpata unkatsekedwa pokhapokha mabanja akadana. Mzere wathu wonse anthu anamanga makoma, unangotsala mpanda wa pakati pa ife ndi ba Mathias, anansi athu aja.

Atate maso anafooka. M'mawa uliwonse amagwira waya woyanikira zovala, n'kuutsata mpaka pampata, kukakhala ndi ba Mathias padzuwa. Ine ndinali kuntchito tsiku lomwe omanga anatseka mpatawo. Kutacha atate anatsata waya wawo n'kukagunda buloko. Anabwerera, tiyi anamukana, ndipo sabata yonse sanatuluke m'chipinda. Ndinachita mantha, alongo, ndinaona ngati tiwataya.

Loweruka kunamveka odi pageti. Anali ba Mathias, atavala jekete ya maliro, atazungulira msewu wonse ndi ndodo yawo, mkulu wa mpingo ali pambuyo. Munthu amene chibadwire changa sanalowerepo kumaso kwa nyumba yathu! Anakana mpando, nati kwa atate: «Ba Phineas, nabwela kupepesa. Sinidziwa chamene nalakwa, koma munikhululukile tikalibe kufa.»

Atate analira. Anati iwonso masiku onsewa amafufuza chimene anawalakwira anzawo, poganiza kuti khomalo amanga ndi ba Mathias.

Madzulo omwewo ndinabwereka hamala. Sindine mmisiri, choncho chibowocho n'chokhota, ndipo mbava yonenepa ikhoza kudutsa bwinobwino. Ndikudziwa kuti mumafuna kutiteteza, ndipo ndikuthokoza. Ngati mukufuna, tumizani kachitseko, koma kopanda loko.

Moni kwa alamu ndi ana. Ba Mathias akuti mubwere akuoneni maso akali kuona. Atate ndikanawafunsa mawu oti ndikulembereni, koma sali pano. Adutsa kale m'mawa, ndikuwamva akuseka kuseli kwa khoma lanu.

Ndine mlongo wanu,
Rhoda