Duwa Lanu Ndinalithena Ngati Fodya

Amayi, kodi kumene mulikoko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno ku Mitundu tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Mpongozi wanu Nabanda anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi, ndendende mmene munkachitira inu mukapeza mbuzi m'dimba. Chimanga chinabereka ngakhale mbozi zinatiyesa, njala sitiiona chaka chino. Za fodya musandifunse, mvula inadula ali m'chiuno. Chigafa nachonso chagwa mbali imodzi chifukwa cha chiswe, ndikusakasaka mitengo.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi cholembera n'china. Pali mlandu umene ndakhala ndikukubisirani pafupifupi zaka ziwiri, ndipo lero ndalimba mtima kuuulula chifukwa watha bwino.

Ndikunena za duwa lanu loyanga lija, la masamba okhuthala onyezimira, limene munalitenga ku Nkhoma muli mtsikana n'kumalisunga m'chitini pazenera. Inu munkalitcha duwa la phula. Tsiku logawana katundu wanu kwathu ku Nathenje, achemwali anga, a Esinta, anatenga makina osokera ndi zitenje, ine ndinapempha duwalo. Anthu anaseka kuti bambo wandevu n'kukwera minibasi atafungatira chitini. Sindinawauze chifukwa chake. Tsiku limene munatisiya ine ndinali kuokushoni ndi mabelo anga, foni itathima, ndipo ndinafika mutatseka kale maso. Ndinkafuna kanthu kanu kamoyo koti ndizikapatsa madzi.

Chaka choyambacho linachita maluwa monga mwa masiku onse, timipira ta tinyenyezi toyera tija, fungo lake n'kudzaza nyumba dzuwa likamalowa. Maluwa atayoyoka panatsala tizitsa takuda tooneka ngati touma, ndipo linatulutsanso zingwe zazitali zopanda tsamba, ngati michira ya makoswe. Munali mu Januwale, nthawi yothena fodya. Manja anga mukuwadziwa, akaona mphukira sapempha chilolezo. Nditabwera kumunda ndinaliyang'ana n'kunena kuti ili likutha mphamvu ndi zinthu zachabechabe. Ndinatenga lumo n'kudula zingwe zonse, tizitsa tonse n'kukonyola ndi chikhadabo. Kenaka ndinaima poteropo n'kumadzitama kuti ntchito ndiye imeneyi. Munkandikalipira paja kuti, “Filimoni, duwa langa silinadwale, silikufuna dokotala, choka pazenerapo.” Tsiku limenelo panalibe wondichotsa.

Chaka chonsecho silinatulutse duwa ngakhale limodzi. Ine m'malo mozindikira, chingwe chikangotuluka ndinkadulanso, poganiza kuti ndikulithandiza. Nabanda anayesa kundiletsa, ine n'kumuyankha kuti za mbewu andisiyire eni ake.

Pa Khirisimasi achemwali anabwera kudzationa. Atangolowa m'nyumba anaima chilili, chikwama chili m'manja.

“Achimwene, ichi n'chiyani? Amayi analisunga zaka zonse zija, inu chaka chimodzi chokha mwalimeta mpala!”

Ndinayamba kufotokoza za mphukira, koma anandidula. “Mu Novembala chaka chamawa tikumanga chiliza cha amayi. Likadzafika tsiku limenelo lilibe duwa, ndidzalitenga ine. Inu muzidzaliona pafoni.”

Mukuwadziwa ana anu, sanena kawiri. Mawuwo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinachita manyazi, Amayi, ndiponso mantha. Ndinaona ngati ndakuchedwerani kachiwiri.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanu uja, Abiti Yusufu, wa golosale ya m'mbali mwa msewu ku Nathenje. Tsiku lina ndili kwathuko ndinalowamo kudzagula shuga, ndipo nditakweza maso ndinaona duwa lomwelo pakhonde pawo, litazungulira nkhata yansungwi, maluwa ali lendelende. Akuti munawadulira kanthambi inu nomwe kalekale, ndipo ana awo anaona pafoni kuti dzina lake lachizungu ndi hoya. Nditawauza zimene ndinachita anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

“Mwanangu, fodya mumathena kuti atani?”

Ndinati kuti asachite maluwa, mphamvu ipite kutsamba.

“Ndiye apa mumafuna tsamba kapena duwa?”

Anandigwira dzanja n'kundionetsa tizitsa tija. Akuti duwa limatulukira pa kachitsa komweko chaka ndi chaka, ukakachotsa wachotsa maluwa a zaka zambiri. Zingwe zopanda masambazo akuti zimayamba zafunafuna pogwira, masamba ndi tizitsa tatsopano zimabwera pambuyo. Chodula ndi nthambi youma yokha, kapena imene yatalika mpaka kusowa koipititsa, ndipo umadula pamwamba pang'ono pa mfundo ya masamba. Pondiperekeza anati, “Mayi anu ankalicheza duwa limeneli, sankalilamula.”

Nditafika kunyumba ndinang'amba nsungwi, n'kupinda nkhata, n'kuizika m'chitini. Zingwe zitatuluka ndinazizunguliza pang'onopang'ono, kumanga ndi luzi mosathinitsa, nsonga zikuloza kumwamba monga anandiuzira. Lumo ndinam'patsa Nabanda kuti abise, ndipo anabisadi, mpaka ndevu ndinkakameta kumsika. Kudikira kwake ndiye kunandivuta. Mwezi wa Juni ndi Julaye linangoti duu ndi kuzizira, ine m'mawa uliwonse kusuzumira ngati mbuzi ili ndi bere. Mu Ogasiti michira ija inayamba kuvala masamba. Mu Seputembala ndinaona katinthu kakang'ono kotukuka pamfundo, ndipo chala changa chinanyamuka chokha. Ndinachibweza.

Lamulungu lapitali, pobwera kutchalitchi, fungo linandichingamira pakhomo. Amayi, lachita maluwa! Timipira titatu, timadzi totsekemera tija tikudontha pazenera. Ndinakhala pansi pomwepo jekete ili m'thupi, ndipo ndinalira, sindikubisirani. Mtima umene unali m'mwamba chaka chonse unakhala pansi.

Ndinajambula n'kutumizira achemwali. Anaimba foni nthawi yomweyo. Anati, “Likhale konko, achimwene.” Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa tsiku la chiliza ndidzathyole maluwawo tidzakuikireni pamanda. Ndinawakanira. Kuthyola duwalo ndiye kuti kachitsa kapita nalo limodzi. Anaseka, amvekere, “Ha, dokotala waphunzira.” M'malo mwake ndawadulira kanthambi kamodzi ka masamba anayi, pamalo oyenera, ndipo kali m'botolo la madzi kudikira mizu.

Choncho mwezi wamawa mukadzaona anthu akuyala maluwa ogula pachiliza chanu, ine nditaima chimanjamanja, musadzati mwana uyu wandiiwala. Anu ndawasiya pamtengo wake, ndipo ndikulonjeza kuti akayoyoka sindikhudzapo kanthu, kuti chaka chamawa adzatulukirenso pomwepo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Filimoni