Malo Amene Andikonzera m'Khoma la ku Roccavelda

Lewisham, London

Achimwene a Henderson,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa ana onse kumeneko ku Linthipe. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ndinamva kwa anthu ena, pakuti inu simunandiuze. Ine kuno ndikudzuka, koma osati monga kale. Madokotala apeza chotupa m'chiwindi. Ndinagwira unamwino mpaka kupuma pantchito, choncho ndimadziwa tanthauzo lake dokotala akayamba kutsitsa mawu, maso ali pa mwana wako osati pa iwe.

Musaganize kuti ndalemba kuti tiyanjane. Ndalemba chifukwa ndinu mwinimbumba, ndipo pali nkhani imene ikufuna pakamwa panu.

Mwezi watha Khumbo, mbumba yanu, ndi mwamuna wake Fabrizio ananditengera kwawo kwa mwamunayo ku Italy. Anati ndikapumeko mpweya wabwino. Ndikufotokozerani malowo mwatsatanetsatane kuti musadzanene kuti simunadziwe.

Tauniyo dzina lake ndi Roccavelda. Inamangidwa pansonga penipeni pa phiri, nyumba zamiyala zitapanikizana ngati mano. Msewu wokwerera ndi umodzi, wokhotakhota, ndipo mbali ina ndi phompho. Kumunsi kuli chigwa chachonde cha mpesa ndi azitona. Ndinafunsa chimene chinachititsa anthu kusiya nthaka ndi madzi n'kukakhala pathanthwe. Fabrizio anati makolo awo ankathawa malungo a m'dambo ndi ankhondo odutsa m'chigwamo. N'chifukwa chake tauni yonse inazingidwa ndi linga, ndipo chipata n'chimodzi, chimene kale ankachitseka dzuwa likalowa. Ndinamuuza kuti makolo athunso anathawirapo m'mapiri nthawi ya nkhondo za Angoni, koma iwo nkhondo itatha anatsika.

Pakati pa tauni pali bwalo, ndipo pabwalopo pali chitsime chosema m'mwala. Mukaponyamo kamwala simumva pogwera. Nsanja ya belu inang'ambika ndi chivomezi, anaimanga ndi malamba achitsulo, komabe belu amaliimba. Pansi pa tchalitchi pali chipinda chosungiramo mafupa a anthu amene anafa ndi mliri kalekale. Zigaza anazisanja bwinobwino ngati maungu, alendo n'kumazijambula. Ine ndinakana kutsikako kachiwiri.

Nyumba zambiri n'zotseka. Achinyamata anapita kumizinda, kwatsala nkhalamba zokhala pamakomo, zoyang'ana aliyense wodutsa mpaka atakhota. Pamakoma amamatapo mapepala olengeza maliro, atsopano pamwamba pa akale.

Tsiku lomaliza asewere anga, mayi a Fabrizio, amene dzina lawo ndi a Assunta, anati tikaone amuna awo kumanda. Achimwene, kumeneko sindinaone khasu. Pali khoma lalitali lokhala ndi mabowo ngati makabati, mizeremizere mpaka pamwamba, ndipo wofuna kuika maluwa amakwera makwerero amatayala. Bokosi amalilowetsa m'bowo, n'kumata ndi simenti. Zaka zoikika zikakwana amatsegula, n'kuchotsa mafupa, kuti malowo apatsidwe wina.

A Assunta anandigwira dzanja n'kundionetsa bowo lopanda kanthu, pafupi ndi limene adzikonzera okha. Kudzera mwa mwana wawo anati amenewo ndi malo anga, anandisungira kuti ndisadzakhale ndekha, ndipo akuyang'ana kuchigwa, amalandira dzuwa la m'mawa. Anawonjeza kuti ndisade nkhawa, iwo sachita mkonono. Onse anaseka. Ine ndinasuzumiramo. Munali mphepo yozizira ndi kangaude.

Ndinachita zimene mayi anatiphunzitsa. Mphatso ya asewere sikanidwa pagulu. Ndinapinda maondo, ndinawomba m'manja, ndinathokoza. Mwana aliyense wakwathu amadziwa kuti zikomo wotere amatanthauza kuti ndamva, ndikawauza eni ake a nkhani. Koma Khumbo anakulira m'mabasi a ku Lewisham. Kwa iye zikomo ndi inde. Anandikumbatira akulira ndi chimwemwe, a Assunta nawo n'kundipsompsona masaya onse awiri.

Titabwerera kuno Khumbo wayamba kulongedza katundu wanga m'makatoni. Akuti iye ndi Fabrizio akusamukira ku Roccavelda komweko, ndipo akandisamalira kumeneko mpaka mapeto.

Ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti mtembo wa mkazi si wake, si wa mwana wake, ndi wa mwinimbumba. Anandiyankha m'Chingerezi monga mwa chizolowezi chake. Anati ndisiye kuvuta, malume anayankha kalekale.

Mwina inu munaiwala kuti mwanayu analipo. Mayi munawaika ine ndili m'ndege, ndipo ndinafika ndi Khumbo mtumbira utauma kale. Tsiku lometa, pamaso pa mbumba yonse, munanena kuti wosankha kukhala kwa azungu akaikidwe kwa azungu, adzukulu akwathu sadzathyola mpini chifukwa cha mlendo. Palibe anakutsutsani. Ndinali nditasambitsa mitembo ya amayi a anthu ena kuno, koma nkhope ya mayi anga simunandilole kuiona. Khumbo anali kamtsikana, Chichewa chake chinali chochepa, koma mawu amenewo anawamva. Wandibwerezera onse, osaphonya limodzi.

Pomaliza anati chabwino, poti ndikulimbikira za mwambo, akuimbirani foni asanagule matikiti a ndege. Chimene mukanene ndicho achite. Ananena akumwetulira, ndipo anati malume ake amawadziwa, sadzamugwiritsa mwala.

Sindikukupemphani chikondi, achimwene. Chimenecho ndinasiya kuchiyembekezera. Ndikukupemphani udindo wanu. Kumiyendo kwa mayi kuli malo, ndinawaona ndi maso anga. Mwanayu akaimba, mumuuze momveka kuti mlongo wanu adzagona kwawo, m'nthaka, ndipo adzukulu adzakumba.

Musamuyankhe mwamwambi. Musaseke pafoni. Musanene kuti zili kwa inu ana, poganiza kuti azindikira yekha. Iye amamva mawu monga alili. Mukazungulira, kapena mukabwereza zija, dziwani kuti simenti ija mwamata ndinu. Ndipo tsiku limene adzatsegule kuti atulutse mafupa anga, sipadzakhala ngakhale mmodzi wonditchula kuti Nambewe.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'mwendomo ndi nzeru pakamwa. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ngati akadali kumva, ndi kwa a mpingo amene akundikumbukira. Za matenda anga musalengeze. Foni yanu izikhala ndi moto, ndipo muziisunga m'thumba popita kudimba.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie Nambewe