Ulusi wofiira pa waya wa Yesenia

Yakima, Washington
14 Okutobala

Okondedwa achemwali a Herminia,

Ndine mlongo wanu Fidencio, wa zaka 73 tsopano. Kaya bondo lija likukulolani kutsikira kumsika? Ine ndili bwino, msana wokha. Woyankhula ndine, koma wolemba ndi mwana wanga Yesenia, ndipo ndamuuza kuti asadumphe pamene analakwitsa.

Paja ndimasesa m'nyumba yolongedzera maapozi. Chaka chino eni ake anagula bokosi lolamulira intaneti yopanda waya, loti liziuza tinyanga tonse ta kudenga togawa intanetiyo zochita. Ntchito yolilumikiza anapatsa Yesenia, koyamba kugwira yekha. Bwana wake, a Lyle, anati zikayenda amupatsanso nyumba zina zitatu, zikakanika aitana anthu a ku Seattle.

Yesenia anandifotokozera kuti woyang'anira bokosilo ali ndi makomo awiri olowera. Lakutsogolo limadzera pa intaneti, lakumbuyo lili ndi waya wakewake wodikira tsiku la tsoka. Wayayo tinakoka limodzi kudenga mpaka ku ofesi. Iye anamata timapepala ta manambala. Ine poti zolemba zimandizunguza mutu, ndinamangirirapo ulusi wofiira wa mpango munandilukira uja. Anandiseka, akuti ababa, mukuopa kuti waya agwidwa chimfine?

Lachitatu m'mawa, malole ali pamzere, anasintha nambala ya khomo lakutsogolo pamene iye mwini analowera pomwepo. Basitu, bokosi linamutsekera kunja. Tinyanga tinasowa mbuye wake, timakina towerengera katundu tonse zii! Anathamangira waya wakumbuyo, koma timapepala tija tinali titamatuka ndi chinyezi. Mawaya makumi anayi, onse abuluu. Dalaivala wina anakuwa kuti, iwe mwana wa Fidencio, maapozi angawa akafika kusitolo ali jamu. A Lyle foni inali kale m'manja.

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinapisa dzanja mumtolo wa mawayawo, n'kutulutsa wa ulusi uja. Mwanayo anamulowetsa pa kompyuta yake, zala zikuthamanga ngati za amayi athu potonola chimanga. Khofi wanga asanazizire, zonse zinadzuka. A Lyle anabweza foni m'thumba. Nyumba zitatu zija amupatsa, achemwali. Mwana wa munthu wosesa!

Pano akundigwira mkono, akuti ndinenenso kuti bokosi anakonza ndi iye. Nzoona. Ndekha ndikanangoima ndi wayayo ngati munthu wogwira chingwe mbuzi itathawa.

Pempho langa ndi limodzi. Yesenia tsopano akufuna ulusi pa bokosi lililonse, ndiye mpango uja tausomola mpaka watsala ngati lamba. Munditumizireko ulusi wofiira womwe uja, ndipo manja akalola, kampango kena.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Casimiro, ana ndi adzukulu onse. Mundiyankhe msanga, chifukwa chisanu chayandikira ndipo khosi langa lili pamtunda.

Ndatha ine mlongo wanu,
Fidencio